Phulusa Akudya Maungu Tsopano

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji masiku ano?

Kuno tonse tilipo. Ndikudziwa bwino kuti kalata iyi ilibe thumba la positi loti ilowemo, ndipo sitima ya Ilala ikaima padoko sindidzatsika nayo. Koma zaka zonse zimene ndinali pasukulu ku Khondowe ndinkakulemberani mwezi ndi mwezi, inu n'kumakapempha munthu akuwerengereni, ndipo dzanja likazolowera ntchito silimva zoti mwiniwake wa kalata anapita. Ndikulemba m'Chinyanja chanu cha ku Kotakota, chija munakana kuchisiya ngakhale munakhala pakati pa Atonga zaka makumi atatu. Pakhomo pano palibenso wochiyankhula m'mawa, ndiye ndati ndichiyankhule papepala.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanu Esinati wachira ku Chintheche, ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ndinapalasa njinga kukamuona. Amayi onse a kumeneko akulumbira kuti mphuno ndi yanu. Ine ndinayang'anitsitsa, ndinaona mphuno ya khanda basi, koma sindinatsutse. Mdzukulu wanu Jeni wayamba sukulu ndipo ali m'kalasi yoyandikana ndi imene ndimaphunzitsa, kotero ndimamumva akuimba mawerengero mokweza kuposa anzake onse, ngakhale pamene walakwitsa. Mpongozi wanu NyaMhone, mkazi wanga, ali bwino. Chinangwa cha kumunda wa kumtunda chachita bwino, tanyika kale kawiri. Mvula inachuluka mpaka denga la khitchini linagwa mbali imodzi, koma tafolera. Usipa ndiwo wavuta, asodzi akuti mwera wakhalitsa. Pa boma amuna akungokamba za Chitaganya cha maiko atatu, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndipo ndikamawamva ndimakumbukira zija munkanena amuna akayamba kukangana pakhonde, kuti pakamwa pakuwira koma pamoto palibe mphika.

Ada, amuna anu, ali bwino, kupatula chifuwa chawo chija cha kumigodi ya ku Joni chimene chimabwera kukazizira. Akusokabe maukonde a anthu pakhonde. Sayankhula zambiri, koma mukudziwa kuti ndi kale lomwe anali otero.

Chimene chandikhazika pansi ndi cholembera lero ndi Phulusa, mphaka wanu. Nkhani yake ndi yaitali pang'ono ndipo mbali zina si zonunkhira, koma inu simunali munthu wonyansidwa ndi zinthu.

Titakuikani m'manda, Phulusa anasiya kugona m'nyumba. Ankatsikira kugombe la ku Mwaya n'kukagona pansi pa bwato la Ada, lija linali lovundikira pamitengo iwiri. Tsiku lina Ada ndi anzawo anapita kukalitembenuza kuti amate ming'alu. Mtengo umodzi unaterereka, bwato n'kumugwera mphakayo m'chiuno. Ada anabwera naye atamukulunga m'jekete lawo la kutchalitchi, anamuika pamphasa, n'kutuluka.

Ndinaitana a Longwe, aja othandiza dokotala pachipatala, amene ankabwera kudzakubayani jekeseni. Anati iwo si a ziweto, komabe fupa ndi fupa. Atamugwiragwira anati msana sunathyoke, chathyoka ndi chiuno. Tinamugoneka m'bokosi la sopo milungu isanu, ndipo mafupawo anapoladi, koma anapola mopanikizana, moti njira imene chimbudzi chimadutsa inachepa. Mchira unafa, umangolendewera. Mwendo wakumanzere amaukoka. Kukodza amakodza yekha, ndipo pamenepo tinachita mwayi. Vuto ndi kudzimbidwa. Chakudya chikauma m'mimba chimafika pamalo opanikizika paja n'kuima, monga bwato lalikulu pakamtsinje.

Ndinabwereka buku la zoweta kwa a zaulimi. Lili ndi masamba ambiri a ng'ombe, angapo a nkhumba, ndipo za mphaka likungonena kuti amagwira makoswe m'nkhokwe. Choncho zambiri ndaphunzira ndi zala. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimamuika pamiyendo, n'kumusisita m'mimba ndi zala ziwiri kuyambira panthiti kutsikira kumunsi. Akakhala bwino m'mimbamo mumafewa. Akayamba kudzimbidwa mumamveka timibulu tondondozana ngati mtedza uli m'chikhokho chake. Ndimamupatsa kasupuni kakang'ono ka mafuta amene a Longwe anandipatsa, palafini wa kuchipatala, wosiyana ndi wa m'nyali uja. Popeza mchira sautukula, amadzipaka, ndiye ndimamutsuka ndi madzi ofunda ndi kansanza, ndi kumupukuta bwino kuti ntchentche zisaikire. M'bokosi lake ndimathiramo mchenga wa ku Mwaya ndi kuusintha tsiku lililonse. Masaka amene amagonera amachapa NyaMhone, ndipo sabisa kuti ntchitoyo sakuikonda.

Munkandinena kuti, "Iwe Hezekiya, buku silinunkha, n'chifukwa chake umalikonda." Munkanena zoona. Pamene munadwala, thupi litafa mbali imodzi, amene ankakutembenuzani ndi kukusambitsani anali Esinati ndi NyaMhone. Mwana wamwamuna saona thupi la mayi wake, ndipo mwambowo ndinautsatira mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Ndinkaima pakhomo la chipinda ndi botolo la mankhwala, n'kumawauza maola oti akumwetseni. Sindikunena kuti mphaka ndi inu, ndipo sindikhulupirira zoti munthu amalipira kwa nyama zimene analephera kwa munthu. Ndikungonena kuti tsopano ndikudziwa kulemera kwa beseni la madzi ofunda m'mawa uliwonse, ndipo ndinapita kukathokoza akazi awiri aja, mochedwa.

Kudzimbidwa koyamba kunamutenga masiku asanu ndi limodzi. Anasiya kudya, anayamba kusanza, ndipo ankakhala m'mchenga akukankha mpaka miyendo kunjenjemera, osatuluka kanthu. A Longwe anabwera ndi kampira kamene amapopera madzi kumatako kwa makanda. Tinamukulunga m'saka kusiya kumbuyo kokha, NyaMhone anagwira mutu, ine miyendo, a Longwe n'kupopera madzi ofunda pang'onopang'ono. Kulira kwake anakumva anthu a kunyumba yachitatu. Chinatuluka chinali cholimba ngati miyala. Patapita mwezi zinachitikanso, ndipo ulendo umenewo anatuluka magazi, ndipo anagona masiku awiri osatukula mutu.

Pamenepo ndinakhala pansi n'kuganiza monga ndimaganizira chilichonse. Ndinaona kuti chimene chimamutseka ndi chakudya chouma ndi minga. Ndinaletsa usipa wouma, ndinaletsa mitu ndi minga ya nsomba. Ndinati azidya mnofu wokha wa nsomba yowiritsa, wofinya pamodzi ndi maungu ndi msuzi wambiri. Poyamba maungu anawakana, ankandiyang'ana ngati ndamutukwana, koma njala inamuphunzitsa. Ndinaikanso lamulo lina, ndipo ndinalinena pamaso pa onse tili pakhonde. Ndinati ngati tachita zonsezi iye n'kudzimbidwanso kachitatu, ndiye kuti thupi lake lakana, ndipo kumusunga kudzakhala kumuzunza. Zikadzatero ndidzapita naye kwa a Longwe akamununkhitse mankhwala ogonetsa, agone osadzukanso. A Longwe anali atavomera kale.

NyaMhone anati, "Mwanena bwino, a bambo a Jeni. Ngakhale munthu sangapirire kampira kaja katatu." Ada anapitiriza kusoka ukonde, mutu uli pansi. Ndinawafunsa ngati amva. Anati, "Ndamva, a tichala." Mukudziwa kuti akanditchula a tichala ndiye kuti sanakondwe, koma ndinati mumtima lamulo labwino silidikira kuti aliyense akondwe.

Miyezi iwiri zinayenda bwino. Ndinkalemba kamtanda pakalendala tsiku lililonse limene wachita chimbudzi, ndipo timitandato tinkandondozana mokongola. Ananenepa, ubweya unabwerera, anayamba kudzikoka mpaka pakhonde kukaothera dzuwa pafupi ndi mapazi a Ada. Kenaka timitanda tinayamba kudumpha. Tsiku limodzi, masiku awiri. Sabata yathayi tinaimiratu. Lolemba palibe, Lachiwiri palibe, Lachitatu anasanza. Ndinamugwira m'mimba, timibulu tija tili mbwee, tolimba. Chakudya ndinali ndisanasinthe, mafuta ndinali ndisanadumphitse. Mwa kuwerenga kwanga, yankho linali limodzi: tachita zonse, thupi lakana. Ndinauza a Longwe kuti Loweruka masana ndibwera naye.

Ndinakumbukira ndithu zimene munandiuza ndili mwana, pamene ndinkawerengera kamwanapiye kodwala masiku oti kachire, kuti chamoyo sachiikira tsiku, si mazira ofungatira. Ndinakumbukira, koma ndinati amayi ankanena ndi mtima, ine ndili ndi kalendala.

Lachisanu nditaweruka ndinapempha a Longwe kuti tiyese kampira komaliza. Sindinkayembekeza kusintha maganizo. Ndinkangofuna kuti asapite ali ndi ululu m'mimba. Zinatenga nthawi yaitali, koma zinatuluka. Tsono apa mundikhululukire, Amayi, ndikuuzeni zimene ndinachita. Ndinatenga chimene chinatulukacho, ndinachiika m'chitini cha madzi, ndinachiphwanya ndi kamtengo, n'kutsanula madzi katatu. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake maungu ndi mnofu zingaume chotero. Pansi pa chitini panatsala minga, tizidutswa ta mafupa opyapyala a m'mutu mwa nsomba, ndi kachibwano kakang'ono kali ndi mano ake osongoka. A Longwe anakatola ndi zala, anakayang'ana, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ameneyu ndi batala." Munthu wobadwira pano sangasokoneze mano a batala ndi a nsomba ina.

Mphaka amene satha kuoloka bwalo sangapite padoko kukaba mutu wa batala. Winawake ankamubweretsera.

Ndinayamba ndi NyaMhone, ndipo ndikuvomera kuti ndinamufunsa ngati mwana wa sukulu. Anaseka. Anati, "Ine? Nditaye mutu wa batala pa mphaka amene amandichapitsa masaka? Mukanandipeza ndikuudya ndekha kukhitchini, apo mukananena." Ndinamufunsa kuti nanga ndani. Anayang'ana kumbali, anakonza chitenje, n'kuti, "Masana inu mumakhala kusukulu. Ine ndimaika mbale pakhonde n'kuchoka. Zimene zimachitika pambale ya apongozi anga si zoti ndizinene ine." Anali akudziwa kwa milungu itatu. Koma mpongozi wamkazi saneneza apongozi ake aamuna kwa mwana wawo, ngakhale nkhani ikhale ya mphaka. Anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yopita kwa a Longwe ikanafika anali atakonza zobisa bokosi la Phulusa kwa mnzake, kuti ndichedwe mpaka ndizindikire ndekha. Munthu yemwe uja wodandaula masaka.

Loweruka kulibe sukulu, ndiye masana ndinanamizira kukonza njinga kuseri kwa nyumba, pamene pamaoneka khonde. NyaMhone anaika kondowole ndi batala, anagwada, anachoka. Ada anasamba m'manja, anapemphera. Asanadye kanthu anathyola mutu wa nsomba n'kuuika patsamba pambali. Anadya thupi lonse pang'onopang'ono. Atamaliza anatenga tsamba lija, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama kwa Phulusa amene anali atagona pamapazi awo, wofookabe ndi za dzulo.

Ndinafika asanauike pansi. Ndinali nditakulunga mafupa aja m'pepala, ndipo ndinawatambasulira pamphasa. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za chiuno chopanikizika, za minga imene sisungunuka m'mimba, za kachibwano kaja. Ndinayankhula nthawi yaitali. Iwo anangogwira tsamba lija m'manja.

Nditamaliza anati, "Mutu sudyedwa ndi ine. Ndi wa anyoko."

Ndinati, "Ada, amayi kulibe."

Anati, "Ndikudziwa kuti kulibe, ndinakumba nawo manda. Kuyambira tsiku limene ndinawatenga ku Kotakota sindinadyepo mutu wa batala. Ndinkathyola n'kuwapatsa, iwo n'kudya, zotsala n'kuponyera uyu pansi. Tsopano ndikathyola, dzanja limapita lokha kumene ankakhala. Ndiutaye kudzala, gawo la anyoko? Miyezi iwiri ndinamvera lamulo lako, ndinkaubweza kukhitchini. Koma uyu amandiyang'ana." Kenaka anati, "Ndipo amene anamugwetsera bwato ndine. Ndimati ndimupatse kabwino."

Amayi, ine ndakhala m'nyumba imeneyi moyo wanga wonse kupatula zaka za sukulu, ndipo ndimadziyesa munthu woona zinthu. Sindinadziwe kuti Ada sadya mutu wa batala. Ndinkaganiza kuti inu mumangoukonda. Sindinadziwenso kuti chaka chonsechi akhala akudya okha masana, akuthyola nsomba ndi kuika gawo lanu patsamba.

Ndinawauza kuti masana omwewo ndimayenera kupita naye Phulusa kwa a Longwe. Anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake anasankha mutu waukulu lero, kuti apite atadya. 

Kalendala yanga sinaname. Masiku anali asanu ndithu, ndipo kudzimbidwa kunali kwachitatu ndithu. Koma lamulo langa linkati ngati tachita zonse, ndipo sitinachite zonse, chifukwa panali chakudya china chimene sindinkachidziwa. Ndikanapha mphaka wanu chifukwa cha kuwerenga kolondola kwa nkhani yosakwanira. Ndinatuma mawu kwa a Longwe kuti asadikire.

Tsono tinakhala pamphasa pomwepo kufunafuna njira, chifukwa kuwauza Ada kuti asiye kunali kutalephera kale. Njirayo anaipeza ndi NyaMhone, akuyankhula ali kukhitchini ngati akuuza mphika. Anati mutu uli ndi mnofu wake, wa m'masaya ndi wa pakhosi, ndipo ukawira nthawi yaitali umasiyana ndi mafupa wokha. Ndiye tsopano zimayenda chonchi. Ada amathyola mutu monga mwa nthawi zonse n'kuuika patsamba. NyaMhone amaubweza pamoto mpaka ufewe. Ada amavala magalasi awo aja a mwendo umodzi, n'kukhala pansi kutola mnofu ndi zala, kachidutswa kamodzikamodzi, mafupa n'kuponya pamoto. Ntchito ya kanthawi kochepa amaigwira theka la ola. Akamaliza ndimapitamo ndi zala zanga kufufuza minga yotsala, ndipo iwo amauza mphakayo kuti, "Dikira, a tichala akuchonga mayeso." Tsiku loyamba ndinapeza minga itatu. Dzulo sindinapeze ngakhale umodzi, ndipo anandifunsa kuti akhoza bwanji. Tikatero timasakaniza ndi maungu, ndipo mbaleyo amaiika pansi ndi iwo, osati ine.

Sindikufuna kukunamizani. Chiuno cha Phulusa sichidzafutukuka. A Longwe akuti m'matumbo mukatanuka kawirikawiri mumatha mphamvu, ndipo tsiku lina akhoza kudzimbidwa popanda munga uliwonse. Akadali wowonda, ndipo pansi pa mchira pali kachilonda kamene ndikutsuka ndi madzi a mchere. Nyengo ya maungu ikatha tidzayesa mapapaya, sindikudziwa ngati adzawalola. Koma lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi motsatizana akuchita chimbudzi yekha. M'mawa uno ndili m'nyumba kumanga tayi, ndinamva Ada akuitana kuchokera pakhonde kuti, "Hezekiya, bwera udzaone, wachita. Chofewa." Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ataima pabokosi la mchenga akuloza ndi ndodo. Ndinapita kukaona, ndipo chinali chofewadi.

Lamulo la katatu lija ndalichotsa, ndipo ndinalichotsa pamaso pa onse monga ndinaliikira. Ndanena kuti malinga Phulusa akudzikokera kumbale yake, akhala. Akadzasiya kufuna chakudya, ululu n'kumuposa, ndidzayamba ndafunsa aliyense wa pakhomo pano zimene akudziwa zimene ine sindikuzidziwa, kenaka ndidzakhala pansi ndi Ada, ndipo tikagwirizana tidzamunyamula tonse awiri.

Ndalankhulanso ndi a hedimasitala. Kuchokera kusukulu kufika kunyumba panjinga ndi kanthawi kochepa, ndipo nthawi yopuma masana imakwana kupita ndi kubwera ngati sindiima pamsika. Ndayamba Lolemba kudzadya masana ndi Ada. Timadya mbale imodzi, sitiyankhula zambiri, ndipo akathyola mutu ndimayang'ana kumbali kuti dzanja lawo lipite kumene likufuna.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale muli moyo ndinkaona ngati ndi chinthu chodziwika kale chosafunika kunena. Ndikulonjeza kuti mphaka wanu ndidzamutsuka m'mawa uliwonse umene adzakhale ndi moyo, ndipo amuna anu sadzadyanso okha masana.

Ine mwana wanu,
Hezekiya